Mwana Wakhoza Mayeso, Koma Buku Sadaliwerenge

Pa tchuthi chapitachi kwathu kudabwera mwana wa mlongo wanga, mtsikana wochangamuka ndi waulemu, amene anali atangolandira kumene zotsatira za mayeso a Fomu 4. Adakhoza bwino, ndipo pa phunziro la Chichewa adakhoza koposa. Tidapha nkhuku, amayi ake adalulutira, ine ndidamgwira chanza monga ayenera kuchitira malume. Madzulo ake titatha kudya ndidafuna kucheza naye za buku la Nthondo, pakuti nanenso ndidaliwerenga ndili mnyamata ndipo mpaka lero ndimalikonda. Ndidamfunsa kuti: "Kodi iwe, pamene Nthondo adatembenuka mtima, udakhulupirira kuti watembenukadi?" Mwanayo adandiyang'ana modabwa, kenaka adayamba kulakatula: mfundo zazikulu za m'bukumo, makhalidwe a mwininkhani, malo ndi nthawi, zonse mwandondomeko osaphonya ndi chimodzi chomwe. Nditabwereza funso langa adaweramitsa mutu nati: "Amalume, bukulo sindidaliwerenge. Tinali ndi manotsi."

Mawu amenewa andisowetsa mtendere kufikira lero. Mwanayo sindikumdzudzula ayi, pakuti adachita zimene adauzidwa, ndipo adazichita mokhulupirika. Amene ndafuna kulimbana nawo pa tsamba lino ndife akuluakulu: aphunzitsi amene amalembetsa manotsi m'malo mowerengetsa buku, amalonda amene amagulitsa timabuku ta mafunso ndi mayankho pa zipata za sukulu, ndiponso ife makolo amene mwana akabwera ku tchuthi timangofunsa za mapointi, osafunsako chimene wawerenga. Tonsefe tagwirizana mwakachetechete kuuza ana athu kuti kuloweza maganizo a munthu wina ndiko kuphunzira. Ine ndikuti limeneli ndi bodza, ndipo odzalipira mlandu wa bodzali ndi anawo, ife titagona kale kumanda.

Manotsi olembedwa ndi munthu wina ali ngati nzimbe imene mnzako watafuna kale. Ulusi wake ulipo wonse, koma madzi adatsalira m'kamwa mwa wotafunayo. Amene adalemba manotsi adawerenga buku, adasinkhasinkha, adakayika, adasankha mfundo iyi nasiya iyo. Ntchito yonse imene imakulitsa nzeru adaigwira ndi iyeyo. Mwana amangolandira zotsalira. Sindikunena kuti manotsi onse ndi oipa. Amene wophunzira walemba ndi dzanja lake atawerenga yekha buku ndi chuma chenicheni. Choipa chimabwera pamene manotsi akhala pa mpando wa buku, bukulo n'kutsekeredwa m'kabati.

Kusanthula buku n'chiyani?

Tiyeni titenge buku lomweli la Nthondo kuti tione chimene mwana amataya. Adalilemba ndi Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, ndipo lidatuluka m'chaka cha 1933 litapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures. Chaka chotsatira, 1934, T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalipatsa dzina loti Man of Africa. Nkhani yake ndi yodziwika: moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa, unyamata wake wa kuba ndi kusamva, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, kulongedwa kwake ufumu ndi kutembenuka mtima kwake. Zonsezi manotsi amanena, ndipo sanama.

Koma wophunzira amene wagwira bukulo m'manja amayamba kuona zimene manotsi sanganene. Amaona kuti mlembi amaima nthawi yaitali pa miyambo ya m'mudzi, naifotokoza mwatsatanetsatane monga munthu wolondolera mlendo. Pamenepo funso limabadwa: chifukwa ninji Mchewa afotokozere Achewa anzake zinthu zimene akuzidziwa kale? Kodi ankalemba diso limodzi lili pa oweruza mpikisano a kutsidya la nyanja? Kapena ankaona kuti miyamboyo yayamba kuzilala, nafuna kuisungira zidzukulu? Amaonanso kuti bukuli lidalembedwa ngati mbiri ya munthu weniweni, chonsecho Nthondo ndi munthu wopeka, ndipo amafunsa chimene mlembi adapindula pakuveka nthano chovala cha mbiri. Akafika pa kutembenuka mtima amafunsa funso lija ndidafunsa mwana wa mlongo wanga: kodi mlembi watikonzekeretsa mokwanira kuti tikhulupirire kusinthaku, kapena wangotifikitsa pamenepo chifukwa mphunzitsi wa mishoni sakadatha kutsiriza nkhani mwa njira ina? Funso limeneli silinyoza kutembenuka mtima. Likuyesa luso la mlembi. Wophunzira wina angayankhe kuti inde, wina kuti ayi, ndipo onse awiri akhoza, malinga aliyense atsegule buku natisonyeze tsamba limene likumchitira umboni.

Kumeneku ndiko kusanthula buku: kufunsa amene akuyankhula, amene akumuyankhulayo, chimene wasankha kunena, chimene wasiya ndi chifukwa chake, kenaka kupereka chigamulo chako pamodzi ndi umboni wochokera m'bukumo. Palibe mmodzi mwa mafunso amenewa amene angayankhidwe ndi munthu amene sadawerenge. Mndandanda wa mfundo zazikulu ndi zipangizo za mlembi uli ndi ntchito yake, monga momwe mayina a zida ali ndi ntchito kwa mmisiri wa matabwa. Koma ndani angalembe ntchito mmisiri amene amatchula bwino sowo ndi mpini, chonsecho sadakhomepo chitseko?

Luso limeneli si lachilendo

Alipo ena amene amati zosanthula mabuku n'zachizungu, zongotayitsa ana nthawi. Amenewa aiwala kwawo. Pitani pa bwalo la milandu m'mudzi uliwonse mukamve mmene mfumu ndi nduna zake amafunsira mboni. "Udaona ndi maso ako, kapena udangomva?" "Adakuuza ndani?" "Unali pati dzuwa lili pamutu?" "Wodandaulayu ndi ndani wako?" Nkhalamba imene sidapiteko ku sukulu imadziwa kuti mboni imene ili pa ubale ndi mwini mlandu iyenera kumvedwa mosamala, ndiponso kuti mawu amene munthu wasiya kunena nthawi zina amalemera kuposa amene wanena. Imvaninso amayi akusinja pamtondo. Nyimbo ikunena za mbalame kapena za fisi, koma mudzi wonse ukudziwa kuti akudzudzulidwa ndi mwamuna wakutiwakuti kapena apongozi. Mwana amene wamva nyimboyo nathamangira kukayang'ana fisi kuseri kwa nkhokwe amasekedwa. Makolo athu ankalera ana pa miyambi, zilapi ndi mikuluwiko dala, kuti aphunzire kuti mawu ali ndi khungu ndi mnofu.

Zimenezi akatswiri a kunja adaziona, pamene ife tikuzinyoza. Megan Vaughan, polemba buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949 m'dera la Blantyre, sadadalire malipoti a boma la atsamunda okha. Adamvetsera nyimbo za pamtondo zimene amayi ankaimba pokumbukira njalayo, ndipo m'menemo mudamveka chinthu chimene malipoti sadachisamale: kulira kwa akazi amene amuna awo adachoka m'nyengo ya njala, ena osabwereranso. Wina adawoloka nyanja kudzasanthula nyimbo za agogo athu monga umboni wa mbiri. Mdzukulu wa agogowo akuphunzitsidwa kuti nzeru zili m'kabuku ka mayankho.

Ndipo tisaiwale kuti m'dziko muno mudali nthawi imene luso lomva mawu obisika linali nkhani ya moyo ndi imfa. Kuyambira 1968 panali bungwe la boma lounika mabuku, ndipo alembi adaphunzira nzeru kwa bilimankhwe: kunena za nyama ndi nthano zakale pamene akunena za olamula. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College ku Zomba, adatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods m'chaka cha 1981. Mu Sepitembala 1987 adamangidwa natsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo adatuluka mu Meyi 1991. Olamula a nthawi imeneyo ankadziwa bwino lomwe kuti ndakatulo si maluwa okongoletsera tsamba. Nanga ife lero, pamene palibenso wotimanga chifukwa chowerenga, tikulera mtundu umene sungathe kumva alakatuli ake? Munthu wosamva alakatuli sazindikiranso omunyengerera, pakuti khutu limene limamva chidzudzulo chobisika ndi lomwelo limene limamva bodza lokometsera.

Kafukufuku ayamba ndi funso: wadziwa bwanji?

Mphasa ya kusanthula ndi kafukufuku, ndipo nayenso tamupha ndi matenda omwewo. Mwana akauzidwa kuti afufuze nkhani, amakopera zimene wapeza poyamba, nalemba dzina lake pamwamba. Sadaphunzitsidwe kuti chilichonse cholembedwa chili ndi mwini, ndipo mwiniyo anali ataima penapake pamene ankalemba.

Chitsanzo chabwino ndi nkhani ya John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo timamkumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse. Mwana aliyense angakuuzeni kuti Chilembwe adayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu m'chaka cha 1900, kuti kuukira kudayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, kuti William Jervis Livingstone adaphedwa ku Magomero, ndiponso kuti Chilembwe adawomberedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Koma mfunseni kuti zimenezi tidazidziwa bwanji, mudzaona akusowa chonena. Chonsecho apa ndi pamene pali phunziro lenileni.

Mboni za nkhaniyi n'zosiyanasiyana. Pali kalata imene Chilembwe mwini adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo imene si yawo. Amenewa ndi mawu a mwini wake, olembedwa zinthu zisadachitike. Pali lipoti la komishoni imene boma la atsamunda lidakhazikitsa, lotuluka m'chaka cha 1916. Lidavomereza kuti antchito a ku Magomero ankazunzidwa, komanso lidaloza chala maphunziro a m'mishoni zina, ndipo tiyenera kukumbukira kuti olilemba anali a mbali imene idaukiridwa. Pali zimene adalemba George Simeon Mwase ali m'ndende ya Zomba cha m'ma 1931 ndi 1932, zimene Robert Rotberg adazisindikiza m'chaka cha 1967 pa mutu woti Strike a Blow and Die. Mawu otchuka amene ambiri amati Chilembwe adauza anthu ake asadaukire adatifikira kudzera mwa Mwase. Koma Mwase panalibe pa msonkhanopo. Adamva kwa mkaidi mnzake, Wallace Kampingo, amene adatengako mbali, ndipo adalemba patapita zaka zoposa 15. Palinso buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958, Independent African, limene lidasonkhanitsa ndi kuyeza maumboni ambiri, ndiponso la John McCracken la 2015, limene lidatulutsa poyera mawu a mboni zimene zidaonekera pamaso pa komishoni ija, Azungu ndi anthu akuda omwe.

Kodi tsono titaye Mwase chifukwa panalibe? Iyayi. Kodi titaye lipoti la boma chifukwa lidalembedwa ndi atsamunda? Iyayinso. Wofufuza wabwino amachita zimene mfumu imachita pa bwalo: amamvera mboni zonse, amafunsa pamene iliyonse idaima, amaona pamene zikugwirizana ndi pamene zikusemphana, ndipo akamapereka chigamulo amanena poyera kuti ichi n'chotsimikizika, ichi n'chongoganizira. Amafunsanso za zimene nkhani yofupikitsidwa imadumpha, monga kutenthedwa kwa mishoni ya ku Nguludi m'masiku omwewo. Ulemu wa Chilembwe suchepa pamene mwana wafunsa mafunso otere. Chimene chimachepetsa ngwazi ndi kuisandutsa mizere isanu yoloweza.

Maluso a kafukufuku si ambiri, ndipo safuna ndalama. Loyamba ndi kukhala ndi funso lenileni, lochepa bwino, loti lingayankhidwe. Lachiwiri ndi kusiyanitsa mboni imene idaona ndi imene idangomva. Lachitatu ndi kusakhutira ndi gwero limodzi. Lachinayi ndi kulemba pomwepo kumene mfundo iliyonse yachokera: dzina la mlembi, mutu wa buku, chaka ndi tsamba, kapena dzina la nkhalamba imene yakuuza ndi tsiku limene mudacheza. Lachisanu ndi kusiyanitsa mawu ako ndi a mwini. Kutenga chiganizo cha munthu wina n'kuchipereka ngati chako ndi kuba, chimodzimodzi kuba mbuzi, ndipo n'chodabwitsa kuti ife amene timakwapula mwana chifukwa chotola dzira la mnansi timamuyamikira akabwera ndi chimangirizo chokopera. Ntara yemwe uja, polemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, adayenda kukafunsa akuluakulu osunga mbiri. Nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko lino ili ku Zomba kuyambira 1947, koma laibulale yoyamba ya mwana aliyense yakhala pa khonde la agogo ake. Mtumeni akafunse anthu atatu zimene akukumbukira za riferendamu ya pa 14 Juni 1993, alembe zimene aliyense wanena, kenaka afotokoze chifukwa chake akusiyana. Mwana ameneyo waphunzira kafukufuku kuposa amene wakopera masamba 20.

Manotsi atsopano a m'thumba

Masiku ano matendawa apeza mankhwala owakulitsa. Foni ya m'manja yafika m'nyumba zambiri, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT idatulukira, pali makina amene ungawalamule kuti akulembere chimangirizo, iwo n'kulemba nthawi yomweyo. Sindili m'gulu la anthu amene amatemberera chida chilichonse chatsopano. Intaneti yafikitsa kwa mwana wa kumudzi mabuku ndi zolembedwa zimene kale zinkapezeka ku yunivesite kokha, ndipo zimenezi n'zoyamikirika. Koma n'chodziwika kuti makinawa nthawi zina amapeka: amatchula buku limene kulibe, amaika mawu m'kamwa mwa munthu amene sadawanene, ndipo amachita zimenezi molimba mtima ndi m'chiyankhulo chosalala. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amene adawerenga Nthondo angazindikire pamene makina asokoneza nkhani. Amene adakulira pa manotsi adzameza zonse, pakuti adazolowera kulandira mayankho osafunsa kumene achokera. Chotero kubwera kwa makinawa sikudachepetse kufunika kwa luso losanthula. Kwalisandutsa chishango chimene mwana sangayende popanda icho.

Zimene otsutsa anganene

Ndikudziwa kuti aphunzitsi ena akuwerenga zimenezi mtima ukuwawa, ndipo ali ndi mfundo zoyenera kuyankhidwa. Adzati mabuku kulibe: kalasi ndi lodzaza, mabuku ndi owerengeka, ndipo makolo sangathe kugula. Zimenezi n'zoona, ndipo ndi manyazi a dziko lonse, osati a mphunzitsi yekha. Komabe ndifunse: kabuku ka mayankho kaja kamaperekedwa ulere? Ndalama imene imapezeka ya kabukuko bwanji imasowa ya buku lenileni? Mabanja asanu atasonkha angagule buku limodzi, ana awo n'kumalandirana. Ndipo buku limodzi lingadyetse kalasi lonse ngati liwerengedwa mokweza, mutu umodzi pa tsiku, ophunzira akusinthana. Nthawi imene imathera pa kukopera manotsi pa bolodi ikadakwanira kutero. Bungwe la National Library Service lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma angapo. Ndi angati mwa ife amene tidaperekezako mwana kumeneko?

Adzatinso mayeso ndi amene amalamula, ndipo sukulu imayesedwa ndi chiwerengero cha okhoza. Izinso n'zoona. Koma ndani amaima bwino pa mayeso, woloweza kapena womvetsa? Woloweza amakhoza ngati funso labwera monga momwe adalikonzekera. Likangotembenuzidwa pang'ono amasokonekera ngati nkhuku yoponyedwa m'madzi. Wowerenga buku ali ndi nkhokwe yotapamo, funso libwerere mbali iliyonse. Ndipo ngati zili zoona kuti munthu angakhoze bwino lomwe phunziro la mabuku osatsegula buku, monga adachitira mwana wa mlongo wanga, ndiye kuti okonza ndi ochonga mayeso nawonso ayenera kudzifunsa chimene akuyesa. Afunse mafunso amene woloweza sangayankhe, apereke malikisi kwa mwana amene watsutsa maganizo ozolowereka ndi umboni womveka, adzaona timabuku ta mayankho tikuuma tokha.

Mfundo yachitatu imachokera kwa ife makolo. Timati nthano sizidyetsa munthu. Mwana alimbikire masamu ndi sayansi kuti adzapeze ntchito. Masamu ndi sayansi n'zofunika ndithu. Koma namwino amene samva chimene wodwala akubisa m'mawu ake ndi namwino wotani? Wapolisi amene sadziwa kuyeza mboni amamanga osalakwa. Mlimi amene sawerenga mosamala pepala la ngongole amasainira munda wake. Mayi amene sadziwa kufunsa kuti phindu lolonjezedwalo lichokera kuti amapereka ndalama zake kwa atambwali. Ndipo pali choopsa choposa pamenepa. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa idafala m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi ena a kum'mwera, ndipo anthu angapo adaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Pa imfa iliyonse panali khamu limene lidamva, lidakhulupirira, lidathamanga, popanda wofunsa kuti waona ndani, wadziwa bwanji. Safunsa adadya phula, adatero akale. Ife taona kuti safunsa amakhetsanso mwazi. Funso limene timalephera kuphunzitsa mwana pa tsamba la buku ndi lomwelo limene limasowa pa msewu tsiku la chipolowe. Nanga tinganene bwanji kuti luso limeneli silidyetsa, pamene limapulumutsa moyo?

Tiyambire pa khomo

Makolo anzanga, sitiyenera kudikira kuti unduna usinthe malamulo. Pali zimene tingachite mwezi uno. Mwana akabwera ndi dzina la buku la mayeso, tiyeni tilifune bukulo tisadafune kabuku ka mayankho. Timuuze atiwerengere mutu umodzi madzulo, ngakhale ifeyo sitidapite patali ndi sukulu, pakuti makutu tili nawo ndipo nkhani timazidziwa kuweruza. Akatha timfunse: waona bwanji? Munthu uyu wachita bwino? Ukutero chifukwa chiyani? Tisonyeze pamene palembedwa. Akatsutsana nafe mwaulemu ndi umboni m'manja, tisamuyese wamwano. Tikondwere, pakuti ndalama zathu za fizi zabala chipatso. Akatiuza chimene waona pa foni, tisamuletse kapena kumuvomereza msanga. Timfunse amene walemba ndi kumene wazitenga. Ndipo m'midzi ndi m'maparishi mwathu, mmene timatha kusonkherana za maliro ndi zaukwati, sitingalephere kusonkherana bokosi limodzi la mabuku loti ana azibwereka.

Kwa inu aphunzitsi, amene ambiri mumagwira ntchito yolemetsa pa malipiro ochepa, pempho langa ndi ili: musaope kalasi limene likufunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene lero akuchedwa kuyankha chifukwa akufufuza tsamba adzakuyamikani zaka zikubwerazo kuposa amene mudamloweza mayankho. Ndipo inu ophunzira, dziwani kuti satifiketi ndi pepala lonena kuti mukudziwa. Ngati simukudziwa, pepalalo likukunamizirani, ndipo tsiku lina moyo udzakufunsani funso limene mulibe m'manotsi.

Mwana wa mlongo wanga ndidambwereka buku langa la Nthondo, lachikale, masamba ake ofiira ndi utsi. Adaliwerenga mokweza madzulo angapo, amayi ake ndi agogo ake akumvetsera. Atafika pa mwambo wina agogo adamdula mawu nati: "Iyayi, kwathu sitinkatero." Mtsikanayo adaima, nayang'ana bukulo, nayang'ana agogo ake, kenaka adafunsa kuti: "Nanga inu munkachita bwanji, agogo? Ndipo wolemba uyu adazitenga kuti?" Adatenga pensulo nayamba kulemba. Satifiketi anali nayo kale m'chikwama, koma ine ndikuti maphunziro ake a mabuku adayamba usiku umenewo. Chondimvetsa chisoni n'chakuti adayamba atatsiriza sukulu, ndipo anzake ambiri a m'kalasi mwake mwina sadzayamba konse, pokhapokha ife akuluakulu titaleka kuwapatsa nzimbe yotafuna kale.